Chikwama cholimba chiposa jumbo

Kumaiko a azungu kuli anthu omwe amasakasaka zikwama zakale za amayi zopangidwa ndi pulasitiki n'kumazisunga ngati chuma. Zomwe amazifuna kwambiri ndi za pulasitiki wolimba wotchedwa Lucite, zomwe makampani monga Wilardy ankapanga ku New York m'zaka za m'ma 1950. Lero chikwama chotere chikakhala chopanda mng'alu chimagulidwa madola mazanamazana.

Wina atha kuseka kuti izi n'zochita anthu okhuta. Komatu zikwamazo zatha zaka 70 chifukwa adazipanga kuti zikhalitse, ndipo eni ake adazisamala.

Nzeru imeneyi si yachilendo kuno kumudzi. Si kale pomwe mayi wa pa Nkhata Bay ankatsikira kumsika ndi basiketi imodzi yomweyomweyo chaka ndi chaka, n'kubwereramo ndi usipa, matimati ndi chinangwa. Chogwirira chikaduka ankachimanga ndi waya, ulendo n'kupitirira.

Lero chilichonse chogula chimabwera m'jumbo yakeyake, yomwe pofika kunyumba yang'ambika kale. Poti tauniyi idakhala pamtsetse, mvula ikagwa majumbo otayidwa amakokolokera kunyanja, komwe Ilala imakocheza, amayi amachapa ndipo asodzi amapezako chakudya cha ana awo. Otsala kumtunda amatseka ngalande, madzi n'kudikha, udzudzu n'kuswana. Mbuzi zikawameza zimafa.

Lamulo lilipo. Mu 2015 boma lidaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60, ndipo mu 2019 khothi lalikulu la apilo lidagamula kuti chiletsocho chigwire ntchito. Makampani ena adapitirizabe kuthamangira kukhothi kukatenga ziletso, zaka n'kumapita.

Khonsolo ya Nkhata Bay ili ndi udindo woika motayira zinyalala mumsika, padepoti ndi padoko, komanso kuonetsetsa kuti zikuchotsedwa. Ogulitsa nawo aleke kukutira kanthu kalikonse m'jumbo wogula asadapemphe.

Koma gawo lalikulu lili m'manja mwa mabanja. Safunika kudikira khothi kuti atulutse basiketi yomwe idaponyedwa kunsi kwa bedi, kapena kusoketsa chikwama cha chitenje kwa telala wapakhonde. Mwana wotumidwa kumsika apatsidwe chonyamulira kuchokera kunyumba.

Madzi akatayika saoleka. Nyanja ikadzaza ndi majumbo, woyamba kulira adzakhala msodzi, kenako aliyense wodyera kondowole ndi usipa.