Makina Aakulu Sachiza Nyumba Yobooka

M'mizinda ya ku America monga Chicago, kumene nyengo yachisanu kuzizira kumatha kutsika mpaka madigiri 20 pansi pa ziro pomwe mu Julayi kutentha kumapyola madigiri 30, nyumba yopanda makina otenthetsa ndi kuziziritsa siyikhalika. Nyumba zambiri kumeneko zili ndi ng'anjo ya gasi pamodzi ndi makina oziziritsa, ndipo fani imodzi ndiyo imakankha mpweya m'mapaipi obisika m'zipupa ndi kudenga kufikira chipinda chilichonse. Chiyambire 1902, pamene Willis Carrier adapanga makina ochepetsa chinyezi m'nyumba yosindikizira ku Brooklyn, malondawa adakula zedi, kotero kuti kutenthetsa ndi kuziziritsa kumadya pafupifupi theka la mphamvu zimene banja la kumeneko limagwiritsa ntchito panyumba.

Chimene ogulitsa amachemerera kwambiri ndi kugawa nyumba m'zigawo. Chigawo chilichonse chimakhala ndi thermostat yakeyake, ndipo m'mapaipi amaikamo tizitseko totchedwa damper, timene timatseguka kapena kutsekeka malinga ndi kumene mpweya ukufunika. Nzeru ilimo, palibe angakane. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndiye m'nyumba yosanja ana amagona akuchucha thukuta pamwamba pomwe agogo awo pansi akupempha bulangete lachiwiri. Thermostat imodzi singakondweretse onsewo.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina otchipa amadziwa zinthu ziwiri basi: kuyaka ndi mphamvu zonse kapena kuzima. Tsono zigawo zitatu zikatsekeka, n'kutsala chimodzi, fani ija imakankhabe mpweya wa nyumba yonse m'paipi imodzi yopapatiza. Mapaipi amayamba kulira ngati mluzu, fani imalemedwa, ng'anjo imatentha mopyola muyezo n'kudzizimitsa yokha. Amisiri ena amabisa vutoli pomangirira paipi yobwezera mpweya wotsalawo m'makina. Kumeneku n'kusesera zinyalala pansi pa mphasa, pakuti mpweya wozizira kale ukabwerera kukaziziritsidwanso, timapaipi ta m'makinamo timatha kuundana madzi oundana, ndipo magetsi amangopita pachabe. Wofuna zigawo agule makina amene fani yake imatha kuchepetsa liwiro. Akapanda kutero wataya ndalama kawiri.

Choipa koposa ndi bodza lakuti makina aakulu ndiwo abwino. Makina opyola msinkhu wa nyumba amaziziritsa chipinda m'mphindi zochepa n'kuzima asanachotse chinyezi, ndipo anthu amatsala m'nyumba yozizira koma yonyowa ngati phanga. Kuyakayaka ndi kuzimazima kumeneku kumakalambitsa makina msanga. Kodi wogulitsa sadziwa zimenezi? Amadziwa ndithu, koma makina aakulu phindu lakenso n'lalikulu.

Nanga nyumbayo bwanji? Pulogalamu ya boma la America ya Energy Star, imene idayamba mu 1992, idawerengera kuti m'nyumba wamba mpweya wokwana 20 mpaka 30 pa 100 alionse umathawira m'ming'alu ndi m'malumikizidwe a mapaipi. Chipinda chimene chimatentha kwambiri nthawi zambiri chimakhala ndi denga lopanda zotchingira kutentha, kapena zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo. Kuikira chipinda chotere thermostat yakeyake kuli ngati kutungira madzi m'dengu. Kumata mapaipi ndi kutchinga denga kumafuna ndalama zochepa, n'chifukwa chake wogulitsa sakuyamba kutchula zimenezo.

Safunsa adadya phula. Bungwe la amisiri la ACCA lili ndi ndondomeko yotchedwa Manual J, yowerengera kutentha kumene chipinda chilichonse chimalandira ndi kutaya, poyang'ana mazenera, zipupa, denga ndi nyengo ya deralo. Mwininyumba aumirire kuona chiwerengero chimenechi papepala asanasaine kanthu. Mmisiri amene wangoponya maso pabalaza, n'kufunsa kukula kwa nyumba, kenaka n'kutchula mtengo, aperekezedwe kuchipata mwaulemu.