Aloe vera pa bala la moto: zatheka pa mbira, nanga pa mwana?

Mwana akapsa ndi phala kwa Nyachikadza m'boma la Nsanje, ulendo wa kuchipatala umayamba ndi kusaka bwato. Derali lili kutsidya kwa Shire, ndipo madzi akasefukira monga zidachitikira mu 2015 komanso pa namondwe wa Freddy mu 2023, kuwoloka kumakhala kuika moyo pachiswe.

N'chifukwa chake m'madera ngati amenewa mankhwala oyamba amachokera pakhomo pomwepo. Ena amapaka dzira laliwisi, ena mafuta ophikira kapena Colgate, pamene ena amathamangira tsamba la aloe vera.

Mwa zonsezi, aloe vera ndiye wakopa chidwi cha akatswiri. Mu 1988 ofufuza ena adayesa utomoni wake pa mbira zomwe zidali ndi zilonda za moto. Zomwe adazipaka zidapola m'masiku pafupifupi 30, pomwe zosapakidwa zidatenga masiku 50.

Koma mbira si mwana. Khungu la mbira ndi khoswe n'lotayirira, ndipo bala limatsekeka msanga chifukwa khungulo limangokokana lokha. La munthu limachita kumera latsopano pang'onopang'ono, n'chifukwa chake akatswiri amakhulupirira kwambiri zotsatira za pa nkhumba, yomwe khungu lake limafananako ndi lathu. Komanso bala la mbira ya m'labotale limakhala laling'ono, loyezedwa bwino, lopanda fumbi ngakhale ntchentche.

Pa anthu, umboni udakali wogawikana. Mu 2007 akatswiri a ku Thailand adaunika kafukufuku wokhudza odwala 371 ndipo adapeza kuti mabala osazama ankapola msanga ndi masiku pafupifupi 9. Koma mu 2012 bungwe la Cochrane lidati kafukufuku yemwe alipo ngwosakwanira kuti madokotala adalire mankhwalawa.

Palinso kusiyana pakati pa utomoni woyeretsedwa ndi tsamba lothyola kuseri kwa nyumba n'kudulidwa ndi mpeni wa nsomba. Bala la moto ndi khomo lotsekula la tizilombo, kuphatikizapo ta kafumbata. Ndipo botolo la pamsika lolembedwa kuti aloe vera silitsimikiza kanthu ngati bungwe loona za mankhwala la PMRA silidalivomereze.

Chomwe achipatala sakaikira n'chotchipa: kuthira madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20, osaboola matuza, kenako kuphimba ndi nsalu yoyera. Tsoka ilo, kwa Nyachikadza madzi ali ponseponse koma oyera ndiwo amasowa.

Bala lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, kapena la kumaso, m'manja ndi kumaliseche, likufunika chipatala tsiku lomwelo. Lakuya, lomwe limaoneka loyera kapena lakuda, utomoni sungalitseke. Ambiri mwa otere amafunika kuwaika khungu lina, ntchito yomwe imachitika ku chipatala cha Gulupu mumzinda wa Blantyre, mtunda woposa makilomita 170 kuchokera pa Nsanje boma.