Utsi wa Dizilo Uchotsedwe M'nyumba za Ozimitsa Moto

Munthu akamva za zoopsa za nchito yozimitsa moto, maganizo ake athamangira ku malawi, ku madenga akugwa ndi ku utsi wakuda wa nyumba yoyaka. Koma madokotala oona za umoyo wa anchito apeza kuti pali utsi wina umene anthuwa amapuma tsiku ndi tsiku, angakhale pa tsiku limene sikunabuke moto mu mzinda monse. Umenewu ndiwo utsi wa dizilo wotuluka m'galimoto zao zomwe, pamene injini ilizidwa m'kati mwa nyumba yosungiramo galimotozo. Utsi wa ku moto sangaulewe, pakuti ndiyo nchito imene anailembera. Koma utsi wa m'nyumba mwao ungathe kuchotsedwa, ndipo mwini nyumbayo, kaya ndi Boma kaya ndi khonsolo ya mzinda, ndiye ayenera kuuchotsa.

Ku Amereka, kumene nkhaniyi yafufuzidwa kwambiri, ozimitsa moto ambiri a m'mizinda amakhala pa nchito maola 24 osabwerera kwao. Amaphika, kudya ndi kugona m'nyumba yomweyo muli galimoto, ndipo kawirikawiri pakati pa khichini ndi galaja pamangokhala chitseko chimodzi. Belu likalira dalaivala amaliza injini iri yozizira, ndipo injini yozizira ndiyo itulutsa utsi wochuluka. Pobwerako galimotoyo imalowa cham'mbuyo, utsi wake nkumalunjika m'kati. M'mawa injini zimalizidwanso poziyesa. Chotero utsi umabwerezedwa kangapo pa tsiku, chaka ndi chaka, kufikira munthu atapuma pa nchito.

Mu utsiwu muli mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo, muli mipweya ina yopweteka m'mapapo, ndiponso muli timwaye tating'onoting'ono kotero kuti timwaye 50 titandandalikidwa sitingafike kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timwayeti timasenza mankhwala oyambitsa khansa, ndipo chifukwa cha kuchepa kwake timalowa mpaka pansi peni peni pa mapapo. Tina timatera pa makoma, pa mbale ndi pa zobvala zozimitsira moto zopachikidwa pafupi ndi galimoto.

Zimenezi si mphekesera ai. M'chaka cha 1988 bungwe la NIOSH, limene limafufuza za umoyo wa anchito m'malo mwa Boma la Amereka, linalangiza kuti utsi wa dizilo uziyesedwa chinthu chimene chingayambitse khansa. M'mwezi wa June 2012 bungwe la IARC la ku Lyon m'dziko la France, limene liri nthambi ya WHO, linagamula kuti utsiwu umayambitsadi khansa ya m'mapapo. A NIOSH anaunikanso mbiri ya ozimitsa moto pafupi-fupi 30,000 amene anagwira nchito ku Chicago, Philadelphia ndi San Francisco pakati pa 1950 ndi 2009, napeza kuti odwala khansa pakati pao anaposa a pakati pa anthu wamba ndi 9 pa 100, ndipo omwalira nayo anaposa ndi 14 pa 100. M'chaka cha 2022 a IARC anaika nchito yozimitsa moto m'gulu la nchito zoyambitsa khansa. Nzoona kuti khansayo siichokera ku dizilo yekha, popeza utsi wa nyumba zoyaka ndi fumbi la asbestos nazo ziri ndi mbali yake. Koma mwa zoopsa zonsezi, utsi wa m'galaja ndiwo wapafupi kuuthetsa, chifukwa malo amene utulukira ndi nthawi imene utulukira zidziwika bwino lomwe.

Njira zouchotsera ziripo zitatu. Yoyamba ndiyo mpope wofewa wolendewera ku denga, umene amaubveka pa kamwa la ekizozi ndi maginito kapena ndi mphamvu ya mphepo. Injini ikangolira, fani imakoka utsi wonse nkuutulutsira pamwamba pa denga. Galimoto ikamatuluka mpopewo umaitsata pa njanji yake kufikira pa khomo, nkudzimasula wokha osachedwetsa ulendo. Yachiwiri ndiyo sefa yomangirira pa galimoto, imene imagwira mwaye ngakhale mipweya ina imadutsa. Yachitatu ndiyo makina a ku denga oyeretsa mpweya wa m'chipinda chonse. Mwa zitatuzi yoyamba ndiyo yoyenera kutsogola, pakuti igwira utsi usanasakanikirane ndi mpweya umene anthu apuma. Makina a ku denga amayamba kuyeretsa utsi utadutsa kale pa mphuno za anthu, ndipo madzi akatayika saoleka. Njira ziwiri zotsalazo ndi zothandizira chabe.

Ena anena kuti kutsegula chitseko chachikulu kukwanira. Koma mphepo siilamulidwa ndi munthu: nthawi zina imakankhira utsi m'kati, ndipo mwaye umene watera kale pa zobvala suchoka chifukwa chitseko chatseguka. Ena anena kuti injini za makono sizifuka. Nzoona kuti kuyambira 2007 malamulo a ku Amereka anachititsa kuti injini zatsopano za dizilo za galimoto zazikulu zikhale ndi sefa yogwira mwaye. Koma galimoto yozimitsira moto imatumikira zaka 20 kapena kupitirira, kotero kuti zakale sizitha msanga. Enanso adandaula za mtengo. Apa Boma la Amereka linachita mwanzeru, pakuti thumba la ndalama zothandizira magulu ozimitsa moto, limene linayamba m'chaka cha 2001, lakhala likulipirira zipangizo zotere m'matauni osauka. Mtengo wa mpope ndi fani ulipiridwa kamodzi, pamene mtengo wa khansa ugwera chipatala, thumba la penshoni, mkazi wamasiye ndi ana.

Komabe chipangizo pachokha sichipulumutsa munthu. Mpope wosiyidwa ukulendewera pamene galimoto ikulowa uli ngati palibe. Mkulu wa siteshoni ayenera kuonetsetsa kuti mpope ukubvekedwa pa khomo pomwepo galimoto isanalowe, kuti injini zikuyesedwera pa bwalo, kuti chitseko cha ku khichini ndi kogona chikhala chotseka, ndi kuti zobvala zikusungidwa m'chipinda chakechake.

Phunziroli likhudzanso dziko la Malawi, kumene makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ali ndi magulu ozimitsa moto oyendera galimoto za dizilo. Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pa nchito linaika pa mapewa a wolemba nchito udindo wosamala umoyo wa anchito ake. Kuyesera injini pa bwalo, kutseka chitseko ndi kupatula zobvala sikufuna ndalama ndi tambala yomwe, ndipo kungayambe mawa lomweli. Za mpope ndi fani, akuluakulu amene ajambula mapulani a nyumba za Boma ndi amene alemba ndondomeko ya chuma cha makhonsolo ayenera kuziwerengera pamodzi ndi njerwa ndi malata, nyumba isanamangidwe, pakuti m'mera mpoyamba. Munthu amene alowa m'moto kukapulumutsa anzake ayenera kupeza mpweya wabwino pamene abwerera kukagona.