Mabwinja a Glasgow ali ndi makomo, odirani

Kuno ku Glasgow kuli achinyamata amene amakonda kuyendera nyumba zosiyidwa, kamera ili m'manja. Ine ndimawamvetsa. Ukasuzumira pa zibowo za mpweya m'munda wa Botanic Gardens n'kuona pansi siteshoni ya sitima imene inasiya kunyamula anthu mu 1939, mtima umafunitsitsa kutsikira komweko. Koma nkhani yagona pa kalowedwe kake.

Ena amanamizana kuti ku Scotland munthu amaponda paliponse. N'zoona kuti lamulo la malo la 2003 limalola anthu kuyenda m'mapiri ndi m'nkhalango ngakhale malowo ali ndi eni ake, koma ufuluwu sufika m'nyumba kapena pabwalo pake. Kuthyola loko ndi mlandu, ndipo wopezeka pa njanji popanda chilolezo atha kulipira chindapusa chofika £1,000. Pamwamba pa izi pali matabwa ofumbwa oti atha kukugwetsa, komanso fumbi la asbestos limene limadzadwalitsa mapapo patapita zaka.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nyumba zenizenizo. St Peter's Seminary ku Cardross, kumadzulo kwa mzindawu, inatsegulidwa mu 1966 ndipo inasiya kuphunzitsa ofuna unsembe mu 1980. Mvula inaiwononga, inde, koma olowera kumpanda anamaliza: kuswa, kutentha, kulembalemba m'makoma. Wodula waya kuti ajambule chithunzi amatseguliranso njira wobwera ndi machesi.

Chonsecho makomo alipo. Mwezi wa September uliwonse kumachitika Doors Open Days, mwambo umene unayamba mu 1990, pomwe nyumba zotsekedwa chaka chonse zimalandira alendo kwaulere. Pa siteshoni ya Glasgow Central mumagula tikiti, n'kutsika ndi wokuperekezani mpaka pa pulatifomu yakale ya pansi pa nthaka.

Ndiye pali Britannia Panopticon pa Trongate, holo imene Stan Laurel anayambira kuseketsa anthu mu 1906. Inatsekedwa mu 1938, n'kuiwalika pamwamba pa sitolo. Mayi Judith Bowers atailowa mu 1997 sanangojambula n'kuchoka ayi. Anakambirana ndi eni ake, nasonkhanitsa anthu odzipereka, moti lero m'holoyo mukuchitikanso zisudzo. Kukonda bwinja n'kumeneku.

Kwathunso nkhani ndi yomweyi. Mandala House ku Blantyre, imene kampani ya African Lakes ya kuno ku Glasgow inamanga mu 1882, ikadalipo chifukwa ili ndi oisamala.

Choncho inu ofuna kuyamba, fufuzani kaye mwini malo ndipo mumulembere kalata. Fotokozani cholinga chanu, mulonjeze kumupatsako zithunzi. Akavomera, valani nsapato zolimba, musapite nokha, ndipo musatengemo kanthu. Akakana, lemekezani mawu awo, mufunsenso chaka chamawa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Odirani, mulowere pakhomo.