Uphungu m'sukulu za Machinga ndi Balaka ukufunika maziko a lamulo

Dziko la Malawi lili ndi malamulo okwanira oteteza mwana wa sukulu. Chomwe chikuperewera m'maboma a Machinga ndi Balaka ndi munthu wopatsidwa udindo womveka wozindikira msanga mwana amene ali pafupi kusiya sukulu.

Boma lidakhazikitsa ndondomeko yolola atsikana obereka kubwerera kusukulu mu 1993, ndipo maphunziro aulere a pulaimale adayamba mu 1994. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti agwirizane ndi mfundoyi.

Komabe kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015-16 adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kapena ali oyembekezera. Ku Machinga chiwerengerochi chidali pafupifupi 41. Vutoli lidakula mu 2020 pomwe sukulu zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Nawonso anyamata amasiya sukulu n'kupita kukapha nsomba kunyanja za Chiuta ndi Chilwa, kukachita ganyu kapena kukasaka ntchito ku South Africa.

Mwana sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba kujomba, kenaka amalephera mayeso, mapeto ake dzina lake limachotsedwa m'kaundula. Apa ndi pomwe phungu amafunika. M'sukulu zambiri ntchitoyi imasiyidwa m'manja mwa mphunzitsi amene ali kale ndi kalasi yodzaza, alibe nthawi yoikika, ngakhalenso chipinda chokambiramo zachinsinsi. Mwana sangaulule za nkhanza pansi pa mtengo anzake akumvetsera, ndiponso nkovuta kuti akhulupirire mphunzitsi yemwe amapereka zilango.

Pali zinthu zitatu zomwe ndondomeko ya boma ingakonze. Choyamba, uphungu ukhale udindo wolembedwa, ndipo phungu achepetseredwe maphunziro ophunzitsa pa sabata. Chachiwiri, luso la uphungu liphunzitsidwe mozama m'sukulu zosula aphunzitsi monga Machinga TTC ndi Domasi. Likulu loona za uphungu ndi chitukuko cha achinyamata mu Africa lili ku Lilongwe komwe, choncho ukadaulo sukusowa. Chachitatu, pakhale njira yodziwika yotumizira nkhani zovuta kuchipatala, kuofesi yosamalira anthu, kunthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza komanso ku nambala yaulere ya 116.

Magulu a amayi oyang'anira ana asukulu ndi mafumu akugwira ntchito yotamandika yobweza ana kusukulu ndi kuthetsa maukwati a ana. Koma mtsikana wobwerera atabereka amakumana ndi chitonzo, ndipo popanda womulimbikitsa amasiyanso.

Makhonsolo a Machinga ndi Balaka, amene amayendetsa maphunziro a pulaimale, angayambe pofunsa sukulu iliyonse dzina la phungu wake ndi chiwerengero cha ana ojomba omwe wawalondola teremu iliyonse. Alangizi a maphunziro m'mazoni atha kuunika zimenezi pa maulendo awo oyendera sukulu, ndipo zotsatira zake zilowe mu bajeti ya maphunziro ya khonsolo.