Boma likufuna "startup"? Liyambe ndi rede ya ku Nsadzu

Pali liu lina lomwe latanganitsa akuluakulu a ku Maputo zaka zino, ndipo tsopano tayamba kulimva ngakhale pa wailesi kuno kwathu: startup. Tanthauzo lake si lozama monga amalimveketsera ovala mataye. Ndi kabizinesi katsopano, kawirikawiri ka acinyamata, kogwiritsa nchito foni, kompyuta kapena intaneti pothetsa vuto lomwe anthu ambiri ali nalo, ndi ciyembekezo coti kadzakula msanga. Mu Januwale 2025 Pulezidenti Daniel Chapo anakhazikitsa unduna woona za kulumikizana ndi kusinthira zinthu ku njira za dijito, nduna yake Américo Muchanga. Ndi bwino ndithu. Koma ine ndikunena poyera, abale anga a ku Mualadzi, Nsadzu ndi Cassacatiza, kuti njira yomwe nchitoyi yakhala ikuyendera singameretse kanthu m'boma lathu la Chifunde, ngakhale titadikira zaka 20.

Taonani komwe zinthu zinaikidwa. Malo a sayansi ndi luso a ku Maluana, omangidwa ndi ngongole yocokera ku India, ali ku Manhiça, pafupi ndi Maputo. Nyumba yolerera mabizinesi ang'onoang'ono ya Standard Bank, yotsegulidwa mu 2017, ili mu Maputo. A ideiaLab anayambira mu Maputo. Sindikuwacitira kaduka, amagwira nchito yabwino. Koma kucokera ku Tete kukafika kumeneko ndi makilomita opitirira 1,500, ndipo ife tisanafike n'komwe ku Tete tayenda kale ulendo wa tsiku. Ndiye kumabwera mipikisano ija: holo ya hotela, acinyamata kulankhula mphindi zowerengeka m'Cipwitikizi kapena m'Cingelezi, ceke cacikulu ngati citseko, zithunzi pa Facebook, basi kwatha. Caka camawa holo yomweyo, nkhope zomwezo. Amati akumanga luso la dziko lonse, pomwe akuthirira dimba limodzi.

Ndikudziwa zomwe akuluakulu ena a kuno anganene: ife ndife alimi a fodya, cimanga ndi soya, za makompyuta n'za ana a m'tauni. Pepani makolo anga, apa ndikutsutsani. Pitani pa msika wa Cassacatiza tsiku lililonse. Mupeza mnyamata akutsegula foni yakufa ndi kawaya kotentha, naidzutsa, koma sanapondeko sukulu ya zimenezo. Mupeza mai wa e-Mola ndi M-Pesa akusunga m'mutu mwake mitengo ya metikali, kwaca ya Zambia ndi kwaca ya Malawi. Mupeza wina akuchaja mafoni a mudzi wonse ndi sola imodzi ndi batire ya galimoto. Anthu amenewa ali kale m'nchito ya luso, kungoti palibe anawapatsa dzina la Cingelezi. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, Mcewa mnzathu, anapanga makina amphepo opanga magetsi ali mnyamata wolekezera sukulu cifukwa ca njala, atangoona zithunzi m'buku la mulaibulale. Mutu wotere ulipo m'midzi yathu. Comwe cikusowa ndi laibulale ija.

Ndipo mavuto ofuna mutu wotere ndi osayamba. Mlimi amagulitsa soya pakhomo osadziwa mtengo wa ku Katete kapena ku Tete tsiku limenelo. Wa fodya amasainira ngongole ya feteleza osasunga pepala lake, nadzangomva pogulitsa kuti watsala ndi zakuti. Wa lole amabwerera ku Tete wopanda katundu pomwe matumba aunjikana m'mudzi wa pafupi. Zonsezi zingathe kucepetsedwa ndi uthenga wa pa foni ya mabatani, bombinha yomwe tili nayo m'thumbayi. Si maloto ai. Biscate, yomwe a UX Information Technologies anayambitsa mu 2016 kuti amisiri a matabwa, omanga ndi osoka azipezana ndi ofuna nchito yao, inapangidwa kuti iziyenda ngakhale pa foni yopanda intaneti. Inapangidwa ndi ana a Mozambique.

Tsono boma licitepo ciani? Yankho lomwe limathamangira pakamwa ndi lakuti ligawe ndalama. Apa ndiye ndikukana kwamtuwagalu, ndipo umboni wanga mukuudziwa nonse. Mu 2006, nthawi ya Armando Guebuza, boma lililonse linayamba kulandira ma "sete milhões" aja. Zina zinathandiza, zigayo zinagulidwa, mashopu anatsegulidwa. Koma dziko lonse likudziwa kuti zobwezedwa zinali zocepa zedi, ndipo madandaulo anali amodzimodzi paliponse: wolandira anali wodziwana ndi wogawa. Mu 2025 kwabwera thumba lina, FDEL. Ngati malamulo a kasankhidwe sakhomedwa pa khoma, ndi maina a olandira ndi kuculuka kwa ndalama zao, tidzaonera gule yemweuja atangosintha cigoba. Ife a ku Chifunde tili ndi cifukwa capadera coopera zosankhidwa kuseri kwa citseko. Mu 2010 bungwe la boma la America loyang'anira makampani, SEC, linaimba mlandu kampani ya Universal, mwini wa Mozambique Leaf Tobacco, kuti inapereka madola oposa 165,000 kwa akuluakulu ena a dziko lino, mbali ina pofuna kuti izigula yokha fodya wa alimi, ndipo dzina la boma lathu linachulidwa m'nkhaniyo. Kampaniyo inalipira kuti mlandu uthe. Mlimi sanafunsidwe kanthu.

Kuonjezera apo, kumupatsa mnyamata ngongole yoti ayambe bizinesi ya pa foni kumalo kopanda rede n'kumugulira ng'ombe yopanda msipu. Pali zinthu zomwe mnyamatayo sangadzicitire, ngakhale atacenjera bwanji, ndipo nchito ya boma ndi imeneyo.

Coyamba ndi moto ndi rede. Damu la Cahora Bassa, la mphamvu ya mamegawati 2,075, lili m'cigawo cathu comwe cino, ndipo magetsi ake ambiri amapita ku South Africa. Boma linalonjeza mu 2018, ndi pulogalamu ya Energia para Todos, kuti pofika 2030 aliyense adzakhala ndi magetsi. Ticiwerenge caka cimeneco ngati ngongole. Za rede, musalole munthu akuuzeni kuti kumudzi sikupindulitsa. Movitel itayamba mu 2012 inaimika nsanamira kumalo komwe anzake ankati kulibe makasitomala, ndipo makasitomala anapezeka. Palinso thumba lochedwa Fundo do Serviço de Acesso Universal, pansi pa INCM, lomwe makampani a mafoni amaponyamo kagawo ka ndalama zao caka ndi caka kuti rede ifike komwe bizinesi payokha singafike. Ngati mwana wa ku malire akukwerabe pa culu kuti agwire MTN kapena Airtel ya ku Zambia, tili ndi ufulu wofunsa kuti thumbalo lamanga ciani kuno, ndipo liti.

Caciwiri ndi copweteka kucinena, koma ndicinena. Boma lisamaphe ndi dzanja lamanzere comwe likudzala ndi lamanja. Mu Meyi 2024 INCM inalamula mitengo yatsopano yomwe inathetsa mapakete opanda malire, mamega n'kukwera, mpaka acinyamata anayenda m'miseu ya Maputo ndipo boma linabwerera m'mbuyo. Mu Okutobala ndi Novembala caka comweco, pambuyo pa cisankho, intaneti ya pa foni inkadulidwa ndipo WhatsApp ndi Facebook zinatsekerezedwa. Kaya munavotera yani, si nkhani yanga pano. Funso langa ndi la malonda: ndani angaike ndalama zake mu shopu yomwe mwini nyumba angaikhome loko m'mawa uliwonse osacenjeza? Lamulo loletsa kudula intaneti popanda cilolezo ca khoti lingathandize mabizinesi a acinyamata kuposa mipikisano khumi.

Za mapepala sindicedwapo. Kulembetsa bizinesi, kutenga NUIT, kupeza laisensi, zonse ziyenera kutheka pa boma pompano kapena pa foni, osati kudyera ndalama ya chapa ndi malo ogona ku Tete kudikira sitampa imodzi. Tunisia mu 2018 ndi Nigeria mu 2022 anapanga malamulo apadera a mabizinesi otere. Lathu likadzabwera, muyeso wanga udzakhala umodzi: kodi mtsikana wa ku Mualadzi angapindule nalo osakwera basi?

Pali phunziro lina locokera ku Kenya. M-Pesa itayamba mu 2007, banki yaikulu ya dzikolo sinaipatse ndalama. Inangoilola kuyesa, ikuyang'anira. Banco de Moçambique inatsegula mwai wonga womwewo mu 2018, malo oyeserako njira zatsopano za ndalama, ndipo lero M-Pesa, e-Mola ndi mKesh zimatumizirana. Tsono bwanji osayesera pa malire? Pa Cassacatiza ndi Chanida kusintha ndalama kukadali m'manja mwa anyamata onyamula mitolo, ndipo mai wobwera ndi nyemba zake amadyeredwa kawiri, pogulitsa ndi posintha. Mtundu ndi umodzi, caka ciliconse timakagwada limodzi kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika pa Kulamba, koma ndalama ya pa foni imaima pa cipata ngati mlendo. Mabanki aakulu a maiko atatuwa atagwirizana, bizinesi yoyamba yaikulu ya luso m'dera lino ingabadwire pamenepo.

Koma cinthu comwe ndikucikhulupirira koposa ndi ici: boma likhale kasitomala. Ndiye wogula wamkulu m'dera lililonse. Makompyuta a ku sukulu ndi ku ofesi akafa, masola a ku cipatala akaleka, kalembera wa alimi akafunika, bwanji nchito zing'onozing'onozo osazipereka kwa amisiri a konkuno, pa mpikisano wa mitengo woonekera? Ngongole imampatsa mnyamata mantha, koma kontirakiti imampatsa luso ndi mbiri. Pokhapo boma lilipire m'nthawi yake. Kampani yaikulu ingapirire caka ikudikira ndalama, kabizinesi ka anthu awiri kamafa m'miyezi itatu. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wa pa cala ngwa mphepo.

Ndipo maphunziro ake abwere m'cilankhulo cathu. Cinyanja cinali cimodzi mwa zilankhulo ziwiri zomwe dziko lino linayesera maphunziro a zilankhulo ziwiri kuyambira 1993, konkuno ku Tete. Ngati cinakwanitsa kuphunzitsa masamu, cingalephere bwanji kufotokoza kalumikizidwe ka sola? Ophunzira a ku Instituto Superior Politécnico de Tete atatumizidwa kuno miyezi iwiri pa caka, m'cipinda cimodzi ca sukulu ya sekondale cokhala ndi magetsi ndi intaneti, cotsegula mpaka madzulo, theka la mipando n'kusungira atsikana, mtengo wake sungafike wa galimoto imodzi ya bwana.

Msonkhano wa Conselho Consultivo ukadzaitanidwa, a mfumu ndi a nyakwawa omwe mumatiimira, musakangoombera m'manja. Kafunseni Administrador kuti ndi midzi iti yomwe ili pa mndandanda wolandira nsanamira ya rede, ndani walandira ndalama za FDEL ndipo zingati, ndi nchito zingati za boma zomwe zapatsidwa kwa amisiri a m'Chifunde caka cino. Mayankhowo akawalembe pa pepala, m'Cipwitikizi ndi m'Cinyanja, tidzawasindikize m'kabuku kano.