Ndalama zikatha, chimatsala nchiyani? Phunziro lochokera ku Zomba

Boma kapena mabungwe akakhazikitsa ndondomeko yothandiza osauka, kawirikawiri timangomva za kuchuluka kwa ndalama zomwe zagawidwa ndi chiwerengero cha omwe alandira. Funso lakuti kodi miyoyo yawo yasinthadi silifunsidwa mokwanira. Kafukufuku wina yemwe adachitika m'boma la Zomba adayesa kuliyankha, ndipo zomwe adapeza nzofunika kuti ife makolo tizidziwe.

M'zaka za 2008 ndi 2009, akatswiri atatu, a Sarah Baird, a Craig McIntosh ndi a Berk Özler, adalondoloza miyoyo ya atsikana osakwatiwa oposa 3,700 a zaka 13 mpaka 22. Madera adagawidwa pochita maere. M'madera ena mtsikana ndi makolo ake ankalandira kandalama mwezi uliwonse pokhapokha iye akapezeka m'kalasi masiku 80 mwa masiku 100 alionse. M'madera ena ndalama zinkabwera popanda lamulo lililonse. M'madera otsalawo simudagawidwe kanthu, pofuna kuti pakhale poyerekezera.

Zotsatira zoyamba zidasindikizidwa m'chaka cha 2011. Ndalama zokhala ndi lamulo ndi zomwe zidasunga atsikana ambiri pasukulu, ndipo iwo adayamba kuwerenga bwino Chingerezi. Koma chodabwitsa nchakuti ndalama zopanda lamulo ndi zomwe zidachepetsa kwambiri maukwati ndi mimba zaubwana. Chifukwa chake nchomveka: mtsikana wa m'gulu lokhala ndi lamulo akasiya sukulu, thandizo linkathera pomwepo, pa nthawi yomwe iye ankalisowa kuposa kale. Mnzake wa m'gulu lina ankalandirabe, choncho umphawi sunkamuthamangitsira ku banja.

M'chaka cha 2012, magazini ya zaumoyo ya The Lancet idaonetsanso kuti kachilombo ka HIV kadapezeka mwa atsikana ochepa pakati pa ana asukulu olandira ndalama kusiyana ndi anzawo osalandira. Ambiri mwa olandirawo sankachita zibwenzi ndi amuna akuluakulu.

Komabe akatswiriwa sadalekere pomwepo. Adabwererako patapita zaka zoposa ziwiri ndalamazo zitasiya kuperekedwa, ndipo zomwe adapeza zidatuluka m'chaka cha 2019. Phindu lochuluka lidali litazilala. Atsikana a m'gulu lopanda lamulo adakwatiwa ndi kubereka thandizo litangotha, mpaka adafanana ndi anzawo. Zotsalira zidalipo ziwiri. Ana obadwa kwa atsikana amenewa pa nthawi yomwe ndalama zinkabwera adakula bwino mu msinkhu. Ndipo atsikana omwe adali atasiya kale sukulu, nabwererako chifukwa cha thandizoli, adapita patsogolo ndi maphunziro, adachedwa kukwatiwa ndipo adabereka ana ochepa, ngakhale kuti chuma chawo sichidakwere.

Tiphunzirepo chiyani? Choyamba, lamulo lokhwima likhoza kutaya mwana yemwe akusowa thandizo kwambiri. Chachiwiri, ndalama zimateteza pomwe zilipo, koma chokhalitsa ndi chomwe zasiya mwa munthu: maphunziro m'mutu ndi thanzi m'thupi.

Choncho tikamakambirana m'madera mwathu za ndondomeko monga Mtukula Pakhomo, yomwe idayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, tisamangofunsa kuti walandira ndani. Tizifunsanso kuti wasiyidwa ndani, ndiponso kuti tsiku lomwe ndalamazo zidzathe, mwana wathu wamkazi adzakhala ataima pati.